Ng'ombe ya Mabere Sikisi

Nelesi anali ndi chizolowezi chokoka khutu lake lakumanzere. Sankalikoka nthawi zonse ayi, koma pokhapokha akadziwa chinthu n'kuchitsekera m'kamwa. Ali mwana, amayi ake akafunsa kuti wasiya khola la mathole lotsegula ndani, Nelesi ankayang'ana kudenga n'kunena kuti sakudziwa, uku zala zili kalikiliki ndi khutu. Mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe kuti amatero. Amayi ake, ba Juliana, ankadziwa, koma sanamuuzepo. Munthu sauza mbewa pamene watchera diwa.

Ba Juliana ankaweta ng'ombe zamkaka pakamunda kawo ku Palabana. M'mawa uliwonse ankamangirira zigubu panjinga n'kupita nazo kukopaletivu kumene alimi ankasonkhanitsa mkaka. Nelesi anakulira m'khola momwemo. Anadziwa kukama asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo atamaliza sekondale n'kusankhidwa kukoleji ina ya zaulimi ndi ziweto cha ku Silverest, palibe amene anadabwa.

Kolejiyo inali ndi mwambo umene ophunzira ankautcha sikelo. Sabata yoyamba, wophunzira aliyense watsopano ankalemba mayeso, kenako ankaima m'khola n'kuyankha mafunso akujambulidwa vidiyo. Chaka chomaliza ankamuyesanso chimodzimodzi. Amene anayambitsa zimenezi anali ba Mubanga, mphunzitsi wa za ng'ombe, bambo wamfupi amene ankayenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto.

"Thole timalipima pobwera, timalipimanso pochoka," ankatero ba Mubanga. "Tikapanda kupima, tizadziwa bwanji kuti chakudya chathu chinagwira nchito?"

Mphoto yaikulu ya kolejiyo sinkapita kwa wokhoza kwambiri. Inkapita kwa amene wayenda mtunda wautali kuchokera pamene anayambira. Wopambanayo ankatumizidwa chaka chathunthu kufamu yaikulu ya mkaka ku Chisamba, ndipo ambiri mwa amene anapitako anapezerako ntchito komweko.

Tsiku la sikelo lisanafike, msuweni wake wa Nelesi, Felix, amene anali chaka chomaliza pakolejipo, anamukokera kuseri kwa nyumba yodyeramo.

"Iwe, mvera," anatero Felix. "Nidziwa kuti ng'ombe uzidziwa. Manje ukaonetsa nzeru zako zonse mawa, uzakwera kuti? Lowa woonda, uzachoka wonenepa."

"Si kunama uko?"

"Kunama kwa chani? Ni kusunga chabe. Uzazitulutsa pa fainolo."

Nelesi anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala. Koma atakhala pansi ndi pepala la mayeso, mawu aja anamubwerera. Funso loyamba analiyankha molondola, kenako anafufuta. Enawo anawayankha mokhota dala. M'khola, kamera itamuloza, analankhula ngati munthu amene ng'ombe anangoiona pachikuto cha buku. Potuluka ankamva ngati wachita masewera chabe.

Masewerawo anamuika m'gulu la Loweruka, la ophunzira amene anali asanagwirepo ng'ombe chibadwire. Anzake ena akamapita kukaphunzira kasakanizidwe ka zakudya za ziweto ndi kapimidwe ka bere la ng'ombe yoyembekezera, Nelesi ankakhala pakampando, ba Mubanga akumugwira zala n'kumamuonetsa kafinyidwe ka bere. Bamboyo ankasiya banja lake Loweruka lililonse chifukwa cha gulu limeneli, ndipo sanatopepo.

M'gulumo ndi mmene anadziwana ndi Tisauke, mtsikana wa ku Bundabunda, kwawo kolima chimanga ndi mtedza basi. Tisauke ankaopa ng'ombe zenizeni. Tsiku loyamba ng'ombe inangopukusa mchira, iye n'kugwa chagada m'ndowe. Chingerezi cha m'mabuku chinkamuvutanso, moti ankawerenga tsamba limodzi mobwereza mpaka pepala kufewa. Manja ake anatupa temu yonse yoyamba, koma sanajombepo.

"Iwe Nele, uchita bwanji kuti mkaka uchoke?" anafunsa tsiku lina, ali pafupi kulira.

"Naine niyesa chabe," anatero Nelesi. "Ona, nagwira so, natseka pamwamba, nafinya. Yesa."

Mkaka unalira m'ndowa. Tisauke anaseka mpaka ng'ombe inatembenuka kudzamuyang'ana. Kuyambira pamenepo anakhala paubwenzi weniweni, ogona chipinda chimodzi, odyera mbale imodzi kapenta wochokera kwa Tisauke ndi mabisi ochokera kwa Nelesi. Tisauke atafunsa kumene mabisiwo ankachokera, Nelesi anati amayi ake amagula kwa aneba.

Zaka zinatha. Sikelo yomaliza Nelesi anaikhoza pafupifupi yonse.

Tsiku lomaliza maphunziro, ba Juliana sanabwere okha. Amayi a kukopaletivu anachita hayala minibasi, onse atavala chitenje chofanana, akutsogoleredwa ndi ba Virginia, mayi wa pakamwa posapuma amene ankakhala munda woyandikana nawo. Anakhala mzere wathunthu m'holo, akukupiza mphepo ndi mapepala a pulogalamu.

Madipuloma ataperekedwa, ba Mubanga anakwera kutsogolo n'kuyamba kulankhula Chinyanja kuti makolo amve.

"Makolo, mumatifunsa kuti ana anu timawachita chani kuno. Lelo sinizakamba maningi. Muone mweka mmene mwana wina anabwerera."

Anatseka makatani. Pakhoma loyera panaoneka Nelesi, wowonda, tsitsi lalifupi la kusekondale, ataima m'khola. Kumbuyo kwake kunali ng'ombe yamawanga akuda ndi oyera, ikubzikula mopanda nkhawa. Nelesi weniweniyo anali atakhala pakati pa anzake mu gauni wake. Vidiyo ija anali ataiiwala. Sankadziwa kuti amaionetsa kwa anthu.

"Kunyumba muli na ng'ombe?" anafunsa mawu a ba Mubanga m'vidiyomo.

"Awe, kulibe."

"Unakamapo?"

"Awe."

"Thole likangobadwa, lifunika kumwa chani poyamba?"

"Kaya. Mwina madzi."

"Chabwino. Ng'ombe ili na mabere angati?"

Mtsikana wa pakhoma uja anayang'ana kudenga. Dzanja lake linakwera pang'onopang'ono n'kugwira khutu lakumanzere. Pakhomapo khutulo linali lalikulu ngati mbale.

"Sikisi," anatero.

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Abambo ena ankamenya mipando. Amayi a kukopaletivu anaseka nawo poyamba, kenako kuseka kwawo kunazilala mmodzimmodzi, n'kuyamba kuyang'anana. Ba Virginia anatembenuka kuyang'ana ba Juliana. Ba Juliana sanatembenuke. Maso awo anali pakhoma.

"Mwaona?" anatero ba Mubanga, nkhope ikuwala. "Anachoka kunyumba kumene kulibe amene anamuonetsako olo mchira wa ng'ombe. Lelo uyu mwana angayendetse famu. Iyi ndiye nchito ya koleji."

Anawerenga mokweza nambala ya kusiyana kwa sikelo yoyamba ya Nelesi ndi yomaliza, kenako anamuitana kutsogolo n'kumupatsa chikwama chatsopano, muli ovolosi yobiriwira, jombo zoyera za m'khola ndi satifiketi ya mphoto. Ananenanso kuti wachiwiri, amene anatsalira pang'ono kwambiri, anali Tisauke. Palibe amene analuluta kuposa Tisaukeyo. Anathamanga n'kumukumbatira Nelesi mpaka chisoti chinagwa.

Mu minibasi pobwerera, nyimbo zimene amayi aja anakonzekera sizinaimbidwe. Ba Juliana anayang'ana pawindo kuchokera ku Silverest mpaka ku Palabana.

M'mawa mwake Nelesi anawathandiza kukankha njinga ya zigubu kupita kukopaletivu. Pamzere panali anthu ambiri, ndipo nkhani inali itafika kale.

"Mwauka shani, amake Nelesi," anatero ba Virginia mokweza. "Lelo mwakama onse sikisi, olo awiri mwasungira mawa?"

Mzere wonse unaseka.

"Ine nidabwa chabe zigubu izi," anatero bambo wina wa njinga yamoto. "Zichoka kuti, pakuti kunyumba kulibe ng'ombe?"

"Bagula kwa aneba," wina anayankha kumbuyo.

Nelesi anayang'ana pansi. Ankayembekezera kuti amayi ake abweza mawu, pakuti ba Juliana sanali munthu wogonja pakamwa. Koma anangotsitsa zigubu, kudikira kuti mkaka upimidwe, n'kutsuka zigubu zawo pampopi. Mayi wina wachitsikana, amene masiku onse ankawatsatira ndi mafunso a thole lake, anawayang'ana n'kutembenukira kwina ngati wawamvera chisoni. Chimenechi ndicho chinamuwawa Nelesi kuposa kuseka kuja.

Masana, nthawi yokama kachiwiri, Nelesi anatenga ndowa ndi kampando n'kulowa m'khola monga ankachitira akabwera patchuthi.

"Ika pansi," anatero ba Juliana.

"Amama, nifuna chabe kuthandiza."

"Ika pansi. Ungayambe kusakila awiri amene kulibe, ng'ombe yanga izakuponda."

Nelesi anaika ndowa. Ba Juliana anakhala pakampando, kutsamira mutu pamimba pa ng'ombe n'kuyamba kukama.

"Sininaganize kuti bazaionetsa," anatero Nelesi.

"Ndiye chikanakhala bwino?"

"Ba Felix ndiye ananiuza. Ati onse ochenjera bachita so."

"Felix ndiye anakamba kuti kunyumba kulibe ng'ombe? Ine ninamva mawu ako." Anasintha mabere osayang'ana. "Pamene banaseka, ninaganiza kuti mwina mwana anachita mantha na kamera. Mantha amachotsa nzeru, nidziwa. Manje ninaona khutu."

"Khutu?"

"Ukadziwa chinthu n'kuchibisa, ukoka khutu. Kuchokera uli so." Anaonetsa ndi dzanja msinkhu wa thole. "Nakuuza manje. Ukafuna uzibisa dzanja m'thumba, ni zako."

Nelesi anaika manja kumbuyo ngati mwana wa giredi wanu.

"Baja bakusekani kukopaletivu bazaiwala, Amama."

"Bazaiwala, inde. Virginia azapeza wina womuseka. Ine bananichepetsa pa anthu kuti iwe uoneke wakula, nizapola. Koma niuze chimodzi. Zaka zonse izi ku koleji, waphunzirako chani chamene sunali kudziwa?"

Nelesi anatsegula pakamwa. Zinalipo zimene anaphunzira, zinalipo ndithu: mayina a mankhwala, kawerengedwe ka chakudya cha ng'ombe yokamwa, matenda a nkhupakupa. Koma atayesa kupeza malire pakati pa zimene anapita nazo ndi zimene anakazipeza, sanawaone. Anakumbukira Maloweruka onse aja amene anakhala akunamizira kulephera kufinya bere, anzake akuphunzira zimene iye mpaka lero ankazidziwa mwapatalipatali. Nambala yaikulu imene ba Mubanga anaiwerenga m'holo inali yabodza, ndipo yoona panalibe amene ankaidziwa, ngakhale iye mwini.

"Sinidziwa," anatero. Dzanja silinasunthe.

Ba Juliana anamuyang'ana, kenako anabwerera kung'ombe.

"Apo wakamba zoona. Ku Chisamba yenda. Ine sinizauza munthu aliyense. Sinine wa koleji."

Nelesi analowa m'nyumba. Chikwama cha mphoto chinali pabedi. Anayamba kupindamo zovala zake pamwamba pa ovolosi ija, pakuti galimoto ya kufamu inali yodzamutenga kukoleji sabata yotsatira. Ali mkati molongedza, foni inalira. Anali Tisauke, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka anthu akupuntha chimanga.

"Ba manija ba ku Chisamba, muli shani?" anatero Tisauke akuseka. "Musatiiwale ise ba m'fumbi."

"Iwe, leka. Wafika bwino?"

"Nafika. Banipatsa kale ndodo, nili kupuntha na dipuloma yanga. Nele, ija vidiyo ninaijambula pafoni. Naonetsa mng'ono wanga, uja akana sukulu ati ni wopusa. Namuuza, ona uyu, anayambira pa ziro monga ine."

Nelesi anakhala pabedi.

"Udziwa," anapitiriza Tisauke, mawu atatsika, "temu yoyamba ninalongedza chola kuti nithawe. Manje ninaganiza, Nelesi nayenso sadziwa kanthu koma sathawa. Nikanakhala neka wopusa, sembe ninabwerera kuno."

"Sunali wopusa."

"Ninali. Tinali tonse." Anaseka. "Iwe unathamanga chabe kunipambana. Sinidandaula. Mwina nizapezako kanchito ku shopu ya mankhwala a ziweto ku Chongwe, bakuti nikafunse mwezi wa mawa. Uli zii bwanji?"

Nelesi anazindikira kuti foni ili kukhutu lakumanja, ndipo dzanja linalo lagwira lakumanzere, likukoka. Aka kanali koyamba m'moyo wake kulipeza pamenepo. Analichotsa n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Tisa, jombo uvala saizi chani?"

"Faifi. Chifukwa?"

"Nizakuimbira foni mawa. Pali zamene nifunika kukuuza, koma niyambe nakamba na munthu wina."

Atadula foni anakhala kanthawi akuyang'ana chikwama. Ankadziwa mmene nkhope ya ba Mubanga idzasinthire, bambo amene anamupatsa Maloweruka ake n'kumuimika pamaso pa makolo ngati umboni wa ntchito yake. Sankadziwa ngati adzangomulanda mphoto kapena adzagwiranso dipuloma. Ankadziwa kuti nkhani idzafika kukopaletivu iye asanatsike minibasi, ndiponso kuti mwina Tisauke sadzamuyankhanso foni. Anaganiza zongotseka zipi n'kudikira galimoto ya ku Chisamba. Zinali zotheka. Amayi ake anali atanena kale kuti sadzaulula.

Kenako anayamba kutulutsa zovala zake chimodzichimodzi, madiresi, juzi, nsapato za kutchalitchi, n'kuzibwezera m'sutikesi yakale pansi pa bedi. M'chikwamamo munatsala ovolosi yobiriwira, satifiketi ndi jombo zoyera. Jombozo zinali saizi seveni. Anang'amba nyuzipepala yakale n'kuikanyiza kutsogolo kwa jombo iliyonse kuti zikamukwane Tisauke, kenako anatseka zipi.

Ba Juliana anaima pakhomo, ndowa ya mkaka ili m'manja. Anayang'ana sutikesi, anayang'ana chikwama.

"Chachepa chola," anatero.

"Niyenda ku koleji mawa kuseni. Kuli ba Mubanga."

"Nakutuma ine?"

"Awe."

Ba Juliana anaika ndowa pansi n'kupukuta manja pachitenje.

"Ukakambe chani?"

Nelesi ananyamula chikwama chija ndi manja onse awiri n'kuchiika pafupi ndi chitseko.

"Nizayamba na mabere," anatero. "Nikabauze kuti ali folo, na kuti ninali kudziwa."